Phunziro la Umoyo: BP Simveka M'thupi, Imadziwika Poyeza

Phunziro lathu la umoyo mwezi uno likukhudza matenda a kuthamanga kwa magazi, amene tonse tinazolowera kuwatchula kuti BP, ndi mmene amaonongera mtima. Dzina limeneli lili pakamwa pa aliyense mu Lusaka. Mwana akafika usiku mayi amati, "Iwe udzandipha ndi BP." Mtengo wa unga ukakwera timati BP yatikwera. Chifukwa cha kalankhulidwe kotere, ambiri timaganiza kuti BP ndi mkwiyo kapena nkhawa, chinthu chimene munthu amachimva chikabwera, nachimvanso chikachoka. Maganizo amenewa atiperekezetsa maliro ambiri ku Chingwere ndi ku Leopards Hill. BP yeniyeni kawirikawiri simveka. Munthu atha kukhala nayo zaka 10 akudya bwino, akuseka, akupita kuntchito, pamene m'kati ikudya mtima, impso ndi ubongo pang'onopang'ono ngati chiswe pa mitengo ya denga.

Tiyeni nkhaniyi tiiike pamalo amene ambiri timawadziwa. Ku Heavy Industrial Area, kuseri kwa msewu wa Lumumba ndi m'mbali mwa msewu wa Mungwi, kuli mafakitale, nyumba zosungiramo katundu, magalaja ndi mabwalo oimikapo malole. M'mamawa anthu amakhamukira kumeneko, ena wapansi kuchokera ku Matero, George ndi Kanyama, ena pa minibasi kuchokera ku Kabwata ndi Chelstone, mabwana pa galimoto kuchokera ku Woodlands ndi Kabulonga. Ambiri mwa iwo ndi amuna athu ndi ana athu. Enafe timagwira ntchito komweko, ndipo pali amayi anzathu amene amaphika nsima m'mbali mwa misewu imeneyi kugulitsa kwa antchito masana. Wantchito wa kumeneko amachoka panyumba kusanache nabwerera kutada. Wamaganyu akapita kukaima pamzere kuchipatala, ndalama ya tsikulo yapita. Tsono munthu amene sakumva kupweteka paliponse angataye bwanji tsiku lonse kukayezetsa? Zaka zimangopita, mkono wake usanavalepo lamba woyezera BP.

Ndipo otere ndi ambiri. Mu 2008 akatswiri anayeza akuluakulu 1,928 a zaka 25 kupita m'mwamba m'dera la mzinda wa Lusaka. Zotsatira zake, zimene Pulofesa Fastone Goma wa pa University of Zambia ndi anzake anafalitsa mu 2011, zinaonetsa kuti pafupifupi anthu 35 mwa 100 alionse anali ndi BP yokwera. Mukakhala pa msonkhano wa Chigwirizano, werengani amayi atatu okhala pa benchi limodzi, mudziwe kuti nambala imeneyi ikunena za mmodzi wa iwo. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2023 linanena kuti padziko lonse pafupifupi theka la anthu a BP sadziwa kuti ali nayo.

Kodi BP n'chiyani?

Mtima wanu ndi waukulu ngati chibakera chanu, ndipo ntchito yake ndi kupopa magazi. Munthu akakhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, kapena kuti pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, kukankha malita 5 a magazi kuzungulira thupi lonse. Magaziwo poyenda amakankha makoma a mitsempha, ndipo mphamvu ya kukankhako ndiyo BP. Choncho munthu aliyense wamoyo ali ndi BP. Matenda amayamba pamene mphamvuyo ikhala yokwera masiku onse. Onaninso kuti mawu akuti kuthamanga kwa magazi amasocheretsa pang'ono. Magaziwo sathamanga ayi, amapanikizika.

Anamwino akakuyezani amatchula manambala awiri, monga 120/80. Nambala yoyamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima wafinya. Yachiwiri ndi mphamvu yotsalira pamene mtima ukupumula usanagundenso. Ngati pa masiku awiri osiyana yoyamba ifika 140 kapena kupitirira, kapena yachiwiri ifika 90 kapena kupitirira, munthuyo ali ndi BP yokwera, kaya mutu ukumupweteka kaya ayi.

Inu amene munathirirapo dimba ndi paipi mukudziwa kuti madzi amatuluka mwamphamvu pa zifukwa ziwiri: mukatsegula mpope kwambiri, kapena mukatsina kukamwa kwa paipiyo ndi chala. M'thupi zilinso chimodzimodzi. Mchere umakoka madzi. Ukachuluka, impso zimasunga madzi ambiri, magazi nachuluka m'mitsempha, ngati mpope wotsegulidwa wonse. Kumbali ina timitsempha ting'onoting'ono timatha kufinyika. Impso zenizenizo zimatulutsa madzi ena otchedwa renin amene amayambitsa kufinyikako, nkhawa ndi fodya zimaonjezera, ndipo msinkhu ukamapita mitsempha imauma ngati paipi yokhalitsa padzuwa. Mwa anthu 10 a BP, pafupifupi 9 simungaloze chinthu chimodzi choyambitsa. Zimaphatikizana: zakumtundu, msinkhu, kunenepa, mchere, mowa, kukhala pansi tsiku lonse, ndi kugona pang'ono monga zimachitikira alonda ndi ogwira ntchito usiku. Madokotala anapezanso kuti ife anthu akuda matupi athu amagwira mchere kwambiri, ndipo BP imatiyamba tikadali aang'ono poyerekeza ndi azungu. Mnyamata wa zaka 30 wonyamula matumba a simenti, wowonda ndi wamphamvu, atha kukhala nayo.

Zimene imachita mwakachetechete

Mkono wa munthu wokweza katundu m'malole umakula chifukwa cha ntchito. Mtima nawonso ndi mnofu, ndipo ukamakankha magazi opanikizika chaka ndi chaka, khoma lake limakhuthala. Pa mkono zimenezi n'zabwino, koma pa mtima ndi tsoka. Mtima wokhuthala umauma, sudzaza bwino, ndipo pomaliza umatopa n'kufutukuka. Pamenepo madzi amayamba kubwerera m'mapapo ndi m'miyendo. Munthu amapuma wefuwefu akangoyenda pang'ono, mapazi amatupa madzulo, amatsokomola usiku, ndipo sagona popanda kutsamira mapilo awiri kapena atatu. Kawirikawiri timati ndi chifuwa kapena ukalamba, pamene ndi mtima umene ukulephera ntchito.

Mitsempha nayo imavulala m'kati. Amayi a mu Lusaka mukudziwa zoyera zija zimene madzi athu amasiya m'ketulo, zimene zimakhuthala mpaka kutseka kamlomo kake. Pamalo povulala m'mitsempha mafuta amamatirira mofananamo, njira nichepa. Tsiku lina magazi amaundana pamenepo n'kutseka. Ukatsekeka mtsempha wodyetsa mtima weniweniwo, munthu amamva kulemera kapena kufinya pachifuwa, nthawi zina kufika ku mkono, ku chibwano kapena kumsana, thukuta lili kamukamu. Kwa ife amayi nthawi zina sizionekera poyera chotero. Kumangokhala kutopa kwachilendo, mseru ndi kubanika, ndipo n'chifukwa chake amayi ambiri amachedwa kupita kuchipatala. Ukatsekeka kapena kuphulika mtsempha wa mu ubongo, ndiye sitiroko, kufa kwa ziwalo.

Dziko lathu likuidziwa bwino sitiroko. Pa 29 June 2008 Pulezidenti Levy Mwanawasa anagwidwa nayo ali ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt, kumene anapita ku msonkhano wa African Union, ndipo anamwalira pa 19 August chaka chomwecho m'chipatala ku France ali ndi zaka 59. Ngati mtsogoleri wa dziko, wokhala ndi madokotala pafupi, sanathe kubwezedwa sitiroko itakantha, n'zoonekeratu kuti nkhondo yeniyeni ili pa kuipewa. Ndipo mwa zonse zoyambitsa sitiroko, BP ndiyo ili patsogolo.

Za impso tingonena mwachidule kuti zili ndi timasefa tosaoneka ndi maso, ndipo BP imationonga. Impso zikaonongeka zimakwezanso BP, zinthu n'kumangoipiraipira mpaka munthu kufika posefedwa magazi ndi makina kawiri kapena katatu pa sabata. Maso nawo amachita chidima.

Mankhwala sali ngati a malungo

Apa ndipo pagona nkhani, amayi anzanga, chifukwa ambiri amene BP imawapha anali atayezedwa kale, mapiritsi analandira, koma anasiya. Tinazolowera mankhwala a malungo: umamwa masiku 3, wachira, basi. A BP sachiza, amangoigwira kuti isakwere, monga mmene mwala umagwirira chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Mukachotsa mwalawo chitseko chimayambiranso. Munthu akayezedwa napezeka ndi 130/80 ali pa mankhwala, sikuti BP yatha. Ndiye kuti mankhwalawo akugwira ntchito. Koma abambo ambiri akamva nambala yabwino amaika botolo m'kabati, namati adzamwa akadzamva mutu. Mutuwo mwina sudzabwera, chidzabwera ndi sitiroko. Kafukufuku wamkulu amene anafalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti kutsitsa nambala yoyamba ija ndi 10 yokha kumachepetsa ngozi ya sitiroko ndi ya kulephera kwa mtima ndi gawo loposa limodzi mwa magawo 4. Phindu limeneli limabwera kwa amene akumwa tsiku ndi tsiku.

Ndi bwino kudziwa dzina la mankhwala anu, osangoti "kaja koyera." Amlodipine ndi nifedipine amamasula mitsempha, ndipo ena amatupa nawo akakolo. Hydrochlorothiazide amathandiza impso kutaya mchere ndi madzi, choncho amamwedwa m'mawa kuti musamadzuke usiku kukataya madzi. Enalapril ndi losartan amaletsa kufinyika kuja koyambira ku impso. Enalapril amatsokomoletsa anthu ena chifuwa chouma chosatha, ndipo onse awiriwa sayenera mayi woyembekezera. Mukaona zovuta zotere musangosiya mwakachetechete. Bwererani kukiliniki mukanene, chifukwa mitundu ilipo yambiri ndipo adzakusinthirani. Musadabwenso akakupatsani mitundu iwiri. Ambiri amafunikadi iwiri, ndipo kafukufuku wotchedwa CREOLE, amene anachitika m'maiko 6 a mu Africa kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa nafalitsidwa mu 2019, anapeza kuti kwa anthu akuda kuphatikiza amlodipine ndi mtundu wina kumatsitsa BP bwino. Koma wosankha ndi dokotala. Kubwerekana mapiritsi ndi mnansi chifukwa "nayenso ndi wa BP" n'koopsa.

Tsono ganizirani moyo wa ku Heavy Industrial Area uja. Bambo amene amadzuka 4 koloko m'mawa amaiwala mankhwala ngati ali kutali ndi maso. Aikeni pafupi ndi mswachi kapena kapu ya tiyi. Woyendetsa lole wopita ku Nakonde, Chirundu kapena Kasumbalesa sadziwa kuti adzakhala masiku angati pamalire, choncho m'chikwama chake muikemo oposa masiku a ulendowo. Musadikire piritsi lomaliza kuti mukatenge ena. Ngati abambo ali pantchito yolembedwa, amadulidwa ndalama ya NHIMA mwezi ndi mwezi, ndipo ndi bwino kufufuza ngati inu ndi ana munalembetsedwa kuti muzithandizidwa nawo. Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti mankhwala opha ululu monga Brufen ndi diclofenac, amene onyamula katundu amagula pa kantemba chifukwa cha msana, amakweza BP ndi kuononga impso akamamwedwa kawirikawiri. Zakumwa zija zochotsa tulo zimene madalaivala ndi alonda amakonda nazonso zimagunditsa mtima.

Pali mbali ina imene ikutikhudza ife a mumpingo. Kupempherera odwala ndi ntchito yathu ndipo tisaileke. Koma mayi amene wapemphereredwa asataye mapiritsi, ndipo ife poyendera odwala tisamuuze kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Masiku osala kudya, mapiritsi ambiri a BP atha kumwedwa ndi madzi okha. Amene akumwa otayitsa madzi aja, kapena ali ndi shuga, ayambe afunsa kukiliniki asanasale.

Supuni ili m'manja mwanu

Kafukufuku wa dziko lonse la Zambia wa mu 2017 anapeza kuti munthu wamkulu amadya mchere wokwana magalamu 9.5 pa tsiku. WHO imati tisafike magalamu 5, amene ndi supuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza, ndipo muyeso umenewu ndi wa tsiku lonse, kuphatikiza mchere wobisika. Wobisikawo ndi wambiri. Uli mu kapenta ndi nsomba zouma zothira mchere, mu soseji ndi poloni, mu buledi, mu timakyubu tokometsera ndiwo, ndiponso mu soda amene timathira mu delele ndi chibwabwa. Soda samveka mchere pa lilime, koma m'thupi amachita zomwezo. Nsomba zouma ziviikeni n'kutaya madziwo. Mukathira kyubu musathirenso mchere. Chotsani mbale ya mchere patebulo, chifukwa pali abambo amene amawaza asanalawe n'komwe. Ndipo musachepetse tsiku limodzi, adzakana chakudya. Chepetsani pang'onopang'ono, ndipo pakatha masabata angapo lilime limazolowera. Anyezi, tomato, adyo, mandimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo popanda kukweza BP.

Amayi ophika nsima yogulitsa, inu muli ndi udindo woposa wa tonsefe. Bambo amene amadya kwa inu masiku 6 pa sabata amadya mchere wa dzanja lanu kuposa wa kunyumba kwake. N'zoona kuti mumaopa kuthawidwa ndi makasitomala. Koma mutha kuthira wochepa mumphika, wofuna n'kumapempha yekha, ndipo mutha kuchepetsa saladi amene amayandama pamwamba pa ndiwo. Bondwe, kalembula, repu, impwa, nyemba ndi nthochi zili ndi mchere wina wabwino wotchedwa potassium umene umathandiza kutsitsa BP, ndipo pa Soweto Market n'zotsika mtengo kuposa soseji. Okhawo amene impso zawo zinaonongeka ndiwo ayenera kufunsa dokotala za zakudya zimenezi.

Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata ndi mankhwala aulere. Woyenda wapansi kuchokera ku Matero amakwanitsa kale. Amene ayenera kusamala ndi bwana wa ku Kabulonga amene amachoka pampando wa galimoto kukakhala pampando wa ofesi. Wonenepa akataya kilogalamu imodzi, BP imatsika ndi nambala pafupifupi imodzi. Mowa uchepe, fodya asiyidwe. Ndipo tisabise mawu, amayi: nsunko ndi fodya. Ena amati imatsitsa BP, koma chikonga chimene chili m'menemo chimafinya mitsempha ndi kuikweza.

Za ife amayi makamaka

Mayi woyembekezera akapitirira masabata 20, BP itha kukwera mwadzidzidzi ngakhale sanakhalepo nayo. Mutu waukulu, kuona zinthu zothwanima, kutupa nkhope ndi manja, ndi kupweteka pansi pa nthiti za kumanja ndi zizindikiro zoti apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa atha kukomoka ndi kutaya moyo wake ndi wa mwana. N'chifukwa chake sikelo siyenera kudumphidwa. Apongozi ndi alangizi, musauze mtsikana kuti kutupa nkhope ndi mwambo wa pakati. Amene anadwalapo chotere aziyezetsa chaka chilichonse moyo wake wonse, popeza BP imakonda kudzabwerera. Mapiritsi ena olera amakwezanso BP, choncho yezetsani musanayambe. Ndipo tikasiya kusamba, chitetezo chimene thupi la mayi linali nacho chimachepa, BP n'kuyamba kukwera ngati ya abambo kapena kuposa.

Sitiroko ikagwa panyumba

Mukaona nkhope yapotoka mbali imodzi, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu akutuluka ngati a woledzera, musadikire kuti kuche. Musayambe kufufuza amene wamulodza, musamuthire madzi, musamupatse chakudya, chakumwa kapena piritsi lililonse, ngakhale aspirin, chifukwa atha kutsamwa, ndiponso ngati mtsempha waphulika aspirin amaonjezera kutaya magazi. Mugonekeni chammbali, muone nthawi imene zayambira, mupeze galimoto. Mphindi iliyonse mbali ina ya ubongo ikufa, ndipo thandizo limagwira bwino m'maola oyambirira. Kwa amene ali ku Heavy Industrial Area, zipatala za Matero ndi Kanyama zili pafupi, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa pa msewu wa Great East. A matenda aakulu a mtima amatumizidwanso ku National Heart Hospital cha ku bwalo la ndege. Chimodzimodzinso munthu amene makina aonetsa 180/120 kapena kupitirira, ndipo akumva mutu waukulu, chifuwa, kubanika kapena kusaona bwino, apite nthawi yomweyo.

Makina oyezera BP a mabatire akupezeka m'mafamase ambiri m'tauni, ndipo Chigwirizano cha pampingo chitha kusonkha n'kugula amodzi, makamaka pamene pali mayi wa unamwino woti aphunzitse ena. Tsiku la Sabata mapemphero akatha ndiyo nthawi yokhayo imene abambo a kumafakitale amapezeka osathamanga. Woyezedwa ayambe wakataya madzi, akhale pampando mphindi 5 atatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi mtima, ndipo asalankhule. Asakhale atangomwa khofi kapena kusuta. Yezani kawiri, mulembe manambala ndi tsiku m'kabuku kake, ndipo wopezeka ndi 140/90 kapena kupitirira atenge kabukuko kupita nako kukiliniki, chifukwa ntchito yopereka mankhwala si yathu. Pogula sankhani makina ovala pamkono wa kumtunda, osati a padzanja ngati wotchi, ndipo mufunse ngati pali lamba wamkulu, popeza lamba wothina pa mkono wonenepa amaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni.